Dishi pakhoma: zolemba za masiku amene ndinadziikira ndekha

Loweruka loyamba

Katoni ndaitsegula m'mawa uno. Muli mbale ya dishi ya masentimita 90, mkono wake, chogwirira cha pakhoma, LNB imodzi (kachipangizo kokhala kumapeto kwa mkono kolandira siginolo yomwe mbale yasonkhanitsa), kathumba ka mabawuti ndi manati, komanso pepala la zithunzi lomwe amene analijambula ankaganiza kuti tonsefe ndife amisiri kale. Chingwe, makonekita a F (timitu tachitsulo tolumikizira chingwe ku LNB ndi ku dikoda) ndi timisomali togwirira chingwe kukhoma ndagula padera. Ndaganiza zolemba zonse chifukwa ndimadzidziwa. Pakatha miyezi iwiri ndidzakhala nditaiwala kuti ndinayamba ndi chiyani, ndipo dishi ikadzavuta ndidzaima pansi pake ngati mlendo.

Lero sindinabowole paliponse. Tsiku lonse lathera pa funso limodzi loti dishiyi ikhale pati.

Setilaiti yomwe ndikufuna ili pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa Equator. Pamtunda umenewo imazungulira dziko pa liwiro lofanana ndi mmene dziko limazungulirira, choncho kwa ife amene tili pansi imaoneka ngati yakhomeredwa pamalo amodzi. N'chifukwa chake dishi ukaimanga bwino siifunanso kusunthidwa. Masetilaiti onse a mtundu umenewu andanda pamzere umodzi kuthambo, ndipo iliyonse imadziwika ndi malo ake: Hot Bird ili pa madigiri 13 kummawa, Astra ili pa 19.2 ndi pa 28.2, ya Eutelsat ina ili pa 36, Intelsat 20 ili pa 68.5. Amene ali kummwera kwa Equator dishi yake imayang'ana chakumpoto, amene ali kumpoto yake imayang'ana chakummwera.

Pamafunika manambala atatu, ndipo amasintha malinga ndi pomwe munthu ali. Azimuth ndiyo mbali yoti dishi iyang'ane ukaizunguza kumanja kapena kumanzere. Elevation ndiko kukweza kapena kutsitsa nkhope yake. Skew ndiko kupotoza LNB m'chogwirira chake. Onse atatu ndawapeza pafoni, nditalowetsa malo anga ndi dzina la setilaiti, ndipo ndawalemba ndi pensulo pakatoni.

Maganizo anga oyamba anali okwera padenga, poti dishi zambiri ndimaziona pamwamba. Nditakhala pansi n'kulingalira, ndadziseka. Kwa chinthu chomwe chili pamakilomita oposa 35,000, mamita atatu a denga langa awonjezerapo chiyani? Chomwe dishi ikufuna ndi njira yosatsekeka, basi. Padenga mphepo ndi yambiri, kubowola malata n'kuitana mvula m'nyumba, ndipo tsiku lililonse lomwe dishi yavuta uyenera kukwera. Ndasankha khoma, pamalo poti ndingafike ndi makwerero aafupi.

Koma kutsogolo kwa khomalo kuli mtengo. Ndayesa ndi mapazi kuchoka pakhoma kukafika patsinde, n'kuyerekeza kutalika kwake. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Ngati elevation ndi madigiri 45, chinthu chomwe chili pamamita 10 chikhoza kutalika mpaka mamita 10 kupitirira dishi osatchinga. Ikakhala madigiri 30, chisafike mamita 6. Mtengowu panopa sukutchinga, koma mtengo umakula, ndipo masamba onyowa amameza siginolo kuposa ouma. Ndasunthira malowo chakumapeto kwa khoma, komwe kuthambo n'koyera.

Lamlungu

Ndalumikiza dishi pansi, pamphasa, kuti mbale isakandike. Manati onse ndangowamanga ndi zala. Chimodzi chomwe ndachita chomwe papepala palibe: ndakoka ulusi uwiri modutsana pakamwa pa mbale, wina kuchoka pamwamba kufika pansi, wina m'mbali. Ulusiwo wangokhudzana pakati osakankhana, kusonyeza kuti mbale sinapindike panjira. Mbale yopindika singasonkhanitse siginolo pamalo amodzi, ngakhale uiloze bwino chotani.

Dishi iyi ndi ya mtundu wa offset, ija yomwe LNB imakhala chakumunsi osati pakati penipeni. Ili ndi chinyengo chake. Nkhope yake ikaoneka ngati yayang'ana kutsogolo chabe, imakhala ikuona kumwamba ndi madigiri makumi awiri ndi kenakake. Munthu wosadziwa amaikweza kwambiri n'kumasaka setilaiti komwe kulibe. Ndiye ndidalira manambala odindidwa pachogwirira, osati maso.

Lachiwiri madzulo

Kubowola khoma. Alamu abwera kudzandigwirira makwerero, ndipo sindikanakwera popanda iwo. Makwerero tawaika motsamira bwino, mita imodzi kuchoka pakhoma pa mamita anayi aliwonse okwera. Ndisanayambe ndayang'ana kaye mkati mwa nyumba kuti kuseri kwa khomalo kulibe soketi kapena switchi, poti mawaya amagetsi amayenda molunjika kuchoka pamenepo. Ndayang'ananso m'mwamba ngati pali mawaya amagetsi apafupi. Palibe.

Mabowo ndaika pa njerwa zenizenizo, osati m'mizere ya simenti, chifukwa mzere umafumbutuka bawuti ikamangidwa. Atatu alowa bwino. Lachinayi njerwa yake inali yofewa, bowo lakula, bawuti ikungozungulira. Ndinafuna kusiya choncho, ndikumati atatu akwana. Alamu akana.

"Alamu, mbale imeneyi mphepo ikaomba imakoka ngati tanga ya bwato. Tsitsani chonsecho mubowolenso."

Ndanyinyirika koma ndamvera. Tatsitsa chogwirira mzere umodzi wa njerwa, mabowo anayi atsopano, akalewo ndatseka ndi simenti.

Pomwe ndataya nthawi yambiri ndi pa levulo. Chitsulo chomwe dishi imakhalapo chiyenera kuima chilili ndithu, ukachiyesa kutsogolo ndi m'mbali momwe. Chikapendekeka, manambala a elevation pachogwirira amanama, ndipo ukamazunguza dishi kumanja kapena kumanzere imakhala ikukwera kapena kutsika yokha iwe osadziwa. Khoma langa silowongoka ngati mmene ndimaganizira. Ndaika mawashala awiri kuseri kwa mabawuti apansi mpaka kathovu ka levulo kakhala pakati mbali zonse ziwiri. Mdima wagwa ndisanakweze mbale.

Lachinayi

Lero la chingwe. Poyamba ndinkaiona ngati ntchito yongomalizira, yoti mwana angachite, nzeru zonse zili pa kuloza dishi. Ndikulemba pano kuti ndidzakumbuke mmene ndinalakwira kuganiza.

Chingwe ndi RG6, cha ma ohm 75. M'nyumba munali chingwe chakale chopyapyala cha eriyo, ndipo mayi a kunyumba anafunsa chifukwa chomwe sindikugwiritsa ntchito chomwecho poti chili kale m'khoma. Chifukwa chake n'chakuti siginolo yochoka pa LNB imayenda m'chingwe pa mafunde a pakati pa 950 ndi 2150 MHz, ndipo mafunde akakwera chonchi amatayika kwambiri m'chingwe chopyapyala. Komanso chingwe chimenechi chili ndi ntchito ziwiri. Chimatsitsa siginolo kupita ku dikoda, n'kukwezanso magetsi kuchoka ku dikoda kupita ku LNB, mavoti 13 kapena 18. LNB ilibe pulagi yakeyake, imadya kudzera m'chingwe chomwecho. Pa chifukwa chimenechi ndasankha chomwe waya wapakati ndi mkuwa weniweni. Chilipo china chomwe ndi chitsulo chokutidwa mkuwa pamwamba. Kuchizindikira n'kosavuta: maginito amachigwira. Pamtunda waufupi chimagwira ntchito, koma pamtunda wautali magetsi amafika ku LNB atafooka.

Njira ya chingwe ndayesa ndi ulusi poyamba, yakwana mamita 22. Ndadula 24, kuti kudishi kutsale kotsala ndi kuseri kwa TV chimodzimodzi. Chingwe chimodzi chosalumikiza pakati, chifukwa polumikiza paliponse ndi pomwe siginolo imatayikira ndi pomwe madzi amalowera.

Bowo lolowera m'nyumba ndabowola kuchokera mkati, mopendekera pansi pang'ono chakunja, kuti madzi akafika pabowo abwerere panja. Chingwe chisanalowe ndachitsitsa kupitirira bowo n'kuchikwezanso, chapanga kakhota ngati chilembo cha U. Madzi otsetsereka ndi chingwe amadonthera pansi pa kakhotako m'malo molowa nacho m'nyumba. Pamakona sindinachipinde mwamphamvu. Mkati mwake muli pulasitiki yoyera yofewa yomwe imasunga waya wapakati kuti akhale pakatikati, ndipo ukachithyola ngati waya wa magetsi, pulasitikiyo imaphwanyika, chingwe n'kuwonongeka mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Timisomali nato ndakhoma mongogwira, osafinya. Pomwe chikanayenda limodzi ndi waya wa magetsi ndachipatutsa, ndipo pomwe zakumana zangodutsana mopingasa.

Kenako makonekita. Ndagula aja opotokola ndi dzanja. Kasendedwe kake: umachotsa khungu lakunja pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, osadula timawaya toluka tomwe tili pansi pake. Timawayato umatipindira m'mbuyo pamwamba pa khungu. Kenako umadula pulasitiki yoyera kuti waya wapakati aonekere, osamukanda ndi mpeni. Ukapotokola konekita, pulasitiki yoyerayo ifike polingana ndi pansi pa kapu yake mkati, waya wapakati atulukire mamilimita awiri kapena atatu kupitirira mlomo. Yoyamba ndinadula mozama, timawaya theka tagwa pansi. Yachiwiri waya wapakati anafupika. Yachitatu ndi yachinayi zaoneka bwino, kapena ndinene kuti ndinaziona ngati zili bwino, poti dzuwa linali litapendeka ndipo magalasi ndinawasiya m'nyumba.

Loweruka lachiwiri

Tsiku loloza. Ndatulutsa TV yaing'ono ndi dikoda pakhonde kuti ndizitha kuona ndili pamakwerero, koma kuwala kwa dzuwa kwandilepheretsa. Ndiye mwana wanga wamkazi wakhala patsogolo pa TV kuti azindiuza manambala, alamu agwira makwerero. Dikoda ndinaizimitsa kukhoma ndisanalumikize chingwe, chifukwa kulumikiza ili yoyaka kungathe kugundanitsa magetsi.

Titayatsa, pagalasi palibe kanthu. Pamakhala mizere iwiri, wa Strength ndi wa Quality, ndipo yonse iwiri inali pa 0. Patapita kanthawi dikoda yalemba uthenga woti ku LNB kwagundana magetsi. Ndazimitsa msanga.

Apa mtima unathamangira kunena kuti LNB ndi yakufa, anandigulitsa chinthu chowonongeka. Alamu anati tiyambe tayang'ana zomwe tapanga ndi manja athu tisananene za ena. Ndamasula konekita ya kudikoda, ili bwino. Ndakwera, ndamasula ya kudishi, ndavala magalasi. Kawaya kamodzi koluka, kopyapyala ngati tsitsi, kanali katazungulira waya wapakati. Kamodzi kokha. Kanali kakubweza magetsi onse asanafike ku LNB. Ndadula, ndasendanso, ulendo uno ndayang'ana mkati mwa konekita ndi tochi ya foni. Titayatsa, Strength yakwera pomwepo.

Mwana anakuwa kuti tapeza. Sitinapeze. Strength imangonena kuti LNB yalandira magetsi ndipo ikutumiza kenakake, ngakhale phokoso chabe. Ukhoza kuloza dishi kukhoma, mzerewo n'kukwerabe. Woyenera kuuyang'ana ndi wa Quality, womwe umadzuka pokhapokha dikoda ikamva transponder yomwe waiuza kuti isake, kutanthauza gawo la setilaiti lotumiza gulu la matchanelo. Ndiye ndaonetsetsa kuti ndalowetsa frequency, symbol rate ndi polarity, zizindikiro zomwe dikoda imasakira, za transponder yomwe ikugwira ntchito pa setilaiti yangayo. Ukalowetsa ya transponder yomwe inazimitsidwa, udzasaka mpaka dzuwa kulowa dishi italoza bwinobwino.

Elevation ndaika pa nambala yake, skew chimodzimodzi. Pa azimuth, kampasi yandivuta. Ndikaiyandikiza kudishi muvi ukupenga chifukwa cha chitsulo, ndipo ya pafoni nayo ikusinthasintha. Komanso kumpoto kwa kampasi si kumpoto kwenikweni, zimasiyana ndi madigiri angapo malinga ndi dera. Ndatsika, ndaima patali ndi zitsulo, ndapeza mbaliyo, ndasankha chizindikiro chakutali chomwe chili pamzere umenewo. Kampasi ndaisunga m'thumba.

Ndinayamba kuzunguza dishi ngati ndikutsegula chitseko. Palibe. Kubwerera. Palibe. Pafupifupi ola lathunthu.

Cholakwa chinali liwiro. Dishi ya masentimita 90 pa mafunde a Ku, omwe dishi ngati iyi imalandira, imaona kampata ka madigiri awiri okha, ndipo dikoda imatenga masekondi angapo isanaonetse kuti yamva kanthu. Ndinkadutsa pa setilaiti dikoda isanatsegule pakamwa. Ndajambula kamzere ka pensulo pachitsulo ndi pachogwirira kuti ndiziona mmene ndasunthira, n'kuyamba kusuntha pang'onopang'ono, kuchepera kunenepa kwa mzere wa pensulo womwewo, kuima, kuwerenga mpaka faifi, kusunthanso. Ndaimanso kumbuyo kwa mbale, poti mutu wanga ndi phewa zinkatchinga LNB ndikakhala kutsogolo.

Ulendo woyamba sunapeze kanthu. Ndakweza elevation digiri imodzi, kuyambiranso. Pakati pa ulendo wachiwiri Strength inadumpha koma Quality ili duu. Imeneyo inali setilaiti ina yoyandikana nayo, ndipo zandilimbitsa mtima, chifukwa zasonyeza kuti ndafika pamzere womwe masetilaiti andanda. Ndapitirira pang'ono.

"Ababa, wapansi uja wasuntha! Wabwereranso. Bwererani pang'ono!"

Ndabwerera. Quality 31. Ndasiya kupuma.

Kuchoka pamenepo ndi ntchito ya kuleza mtima. Kumanja pang'ono mpaka nambala iyambe kutsika, chizindikiro cha pensulo. Kumanzere mpaka iyambenso kutsika, chizindikiro china. Dishi ikhale pakati pa ziwirizo. Elevation chimodzimodzi. Kenako skew, kupotoza LNB pang'onopang'ono, ndipo apa ndi pomwe ndadabwa: Quality yakwera kwambiri ndi kapotozedwe komwe ndi maso sungakaone. Setilaiti imatumiza mafunde ena oimirira, ena ogona, pa ma frequency oyandikana, ndipo LNB ikapendekeka molakwika imamva onse awiri nthawi imodzi, ena n'kukhala phokoso kwa anzake. Pomaliza ndasuntha LNB kutsogolo ndi m'mbuyo m'chogwirira chake kufuna pomwe mbale imasonkhanitsira siginolo. Tafika pa 74. Nambala imeneyi ndi ya dikoda yanga yokha, ina ikhoza kuonetsa zosiyana pa dishi yomweyi, choncho sindikuiyerekeza ndi ya munthu wina. Chomwe ndikudziwa n'chakuti palibe mbali yomwe ndingasunthire n'kukwera.

Kumanga manati nako kuli ndi msampha. Nditalimbitsa nati ya mbali imodzi mpaka kumapeto, Quality yatsika ndi 9, chifukwa chogwirira chinakokera dishi mbali imeneyo. Ndamasula, n'kumanga mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, mwana akuwerenga manambala mokweza. Nditamaliza ndakankha m'mphepete mwa mbale ndi chala, pamwamba, pansi, kumanja, kumanzere. Mbali zonse zinayi nambala imatsika n'kubwerera ndikasiya. Ikanakwera mbali ina, bwenzi ndikumasulanso.

Lamlungu

Chithunzi chilipo, koma matchanelo ambiri omwe ndimayembekezera sanabwere. Ndinatsala pang'ono kukweranso makwerero. Mwamwayi ndayamba ndakhala pansi ndi pepala n'kulemba ma frequency a omwe abwera ndi omwe asowa. Onse osowa ali pamwamba pa 11,700 MHz. Dishi singasankhe matchanelo motero. Vuto lili m'dikoda.

LNB yanga ndi ya Universal. Imalandira kuyambira 10,700 mpaka 12,750 MHz, koma zonsezi sizingakwane m'chingwe nthawi imodzi, ndiye imazigawa pawiri. Gawo lapansi imachotsera 9750, lapamwamba imachotsera 10600. Tchanelo ya pa 11,000 imatsika m'chingwe ili pa 1,250. Ya pa 12,500 imatsika ili pa 1,900. Kuti LNB isinthire kugawo lapamwamba, dikoda imatumiza kamluzu ka 22 kHz m'chingwe chomwecho. Mu dikoda yanga munali mutaikidwa 9750 yokha, kamluzu kozimitsa. Ukachotsa 9750 pa 12,500 yotsala ndi 2,750, yomwe yapitirira 2150 pomwe dikoda imalekezera kumva. Ndasintha kuika Universal, 9750 ndi 10600, ndasakanso, onse abwera.

Ndilembe izi pano kuti ndidzazipeze. Akasowa a gawo lapamwamba okha, yang'ana 22 kHz. Akasowa a H okha (mafunde ogona) kapena a V okha (oimirira), yang'ana magetsi: mavoti 13 amasankha V, 18 amasankha H, ndipo chingwe chofooka kapena konekita yadzimbiri ikhoza kutsitsa 18 uja mpaka LNB kuganiza kuti ndi 13.

Madzulo tinaonera mpira, wailesi ikulira chapafupi. Chigoli chinamveka pawailesi ife mpira udakali pakati pa bwalo. Siginolo kukwera ndi kutsika kokha kumadya pafupifupi kota ya sekondi, kwinako n'kukonza chithunzi kumbali zonse ziwiri. Alamu akuti dishi yanga ndi yaulesi.

Lachitatu

Ndatseka bowo la khoma ndi silikoni, ndamanga chingwe kumkono wa dishi kuti chisamagwedezeke ndi mphepo, ndakulunga konekita ya kudishi ndi tepi yakuda ya magetsi yomwe inali m'bokosi la zida.

Za waya wa earth, uja wotsitsira magetsi m'nthaka, sindinafune kudzichitira ndekha. Ndaika kachitsulo kolumikizira earth pomwe chingwe chikulowera m'nyumba, koma kukalumikiza ku earth ya nyumba ndaitana wodziwa zamagetsi. Wandiuza zomwe ndinkaganiza kale, kuti earth ya dishi iyenera kulumikizana ndi ya nyumba, osati kukhomera chitsulo chakechake pambali n'kuchisiya pachokha. Waya ameneyu amachotsa magetsi odziunjikira ndi obwera chifukwa cha mphezi yogwa chapatali. Mphezi yogwa padishi penipeni sangaiimitse. Kukayamba kugunda, ndizizula pulagi ndi chingwe chomwe, mvula isanafike pamutu.

Patapita milungu iwiri

Mvula yoyamba yamphamvu. Chithunzi chinayamba timabokosi, chinaima, chinapita kwa mphindi zingapo, n'kubwerera chokha. Chinapita mvula isanagwe pano, mtambo wakuda uli mbali yomwe dishi yaloza. Izi n'zachibadwa pa mafunde a Ku, madontho amvula amawameza. Mvula yowaza sinachite kanthu, kusonyeza kuti kuloza kuja kunasiya mpata wokwanira. Sindinakhudze chilichonse.

Patapita milungu isanu

Izi ndiye sizachibadwa. Kwa masiku anayi matchanelo ena akhala akudukaduka kunja kuli ngwee, makamaka m'mawa. Quality yatsika kufika m'ma 40. Ndinaganiza kuti mphepo yasuntha dishi, koma mizere ya pensulo ija ikadali yolunjikana, ndipo kukankha mbale ndi chala sikukukweza nambala mbali iliyonse. Ndalemba ma frequency ngati tsiku lija. Ovuta kwambiri ndi a H.

Ndakwera. Tepi yakuda ija dzuwa laimatula, yatseguka pamwamba ngati kapu, ndipo m'malo moletsa madzi yakhala ikuwasunga. Nditamasula konekita mwatuluka dontho. Timawaya toluka tada, waya wapakati wachita zobiriwira. Madzi akalowa m'chingwe chotere sakhala pakamwa pokha, amayenda m'timawayamo ngati mafuta m'chingwe cha nyali. Ndadula masentimita 10, mkati mwakuda. Ena 10, mwakudabe. Ndapeza mkuwa wowala nditadula pafupifupi masentimita 40. Mamita awiri owonjezera aja andipulumutsa, apo ayi bwenzi ndikuzula chingwe chonse kukhoma.

Ulendo uno ndabwereka chofinyira makonekita ndipo ndaika konekita ya compression, yomwe imagwira khungu la chingwe mozungulira osasiya mpata. Pamwamba pake ndakulunga tepi ya rabala ija yodzimata yokha. Ilibe guluu. Umaikoka mpaka itatamuka, n'kumakulunga mosanjikiza theka pa theka, ndipo pakapita nthawi imagwirana n'kukhala chinthu chimodzi. Ndayambira pachingwe kukwera mpaka pakhosi pa LNB, kuti m'mphepete mwa chikulungo chilichonse muyang'ane pansi ngati malata a denga. Pakamwa pa LNB pomwe panali dzimbiri pang'ono ndapukuta ndi kansalu kouma. Quality yabwerera pa 73.

Ya kudikoda nayo ndaisintha, ngakhale kulibe mvula m'nyumba. Yopotokola ija inali itayamba kale kugwedera chifukwa chosuntha TV posesa.

Dishi yomwe ndinkaiopa sinasunthe ngakhale pang'ono chiimangireni. Mavuto atatu omwe ndakumana nawo, awiri anali pa konekita imodzimodziyo, limodzi m'dikoda.

Loweruka lapitali

Mayi a kunyumba akufuna TV yachiwiri kuchipinda, ndi dikoda yakeyake. Ndinali ndi splitter, kachipangizo kogawa chingwe chimodzi pawiri, m'bokosi, ndayesa. Dikoda ziwiri zikakhala pa matchanelo a gulu limodzi zimaonetsa. Wina akasintha kupita ku H mnzake ali pa V, kapena kugawo lapamwamba mnzake ali pa lapansi, mmodzi chithunzi chimamuthawa. M'pomveka. LNB ya khomo limodzi imatumiza gulu limodzi mwa magulu anayi pa nthawi, ndipo dikoda ziwiri zikuilamula zosiyana pa chingwe chimodzi. Splitter ndaichotsa.

Chofunika ndi LNB ya makomo awiri, twin, ndi chingwe chachiwiri chochoka kudishi mpaka kuchipinda. Ndisanachotse yakaleyi ndijambula chizindikiro pa skew ndi pomwe yafika m'chogwirira, ngakhale ndikudziwa kuti yatsopanoyo idzafunabe kuipotoza payokha. Njira ya kuchipinda ndayesa kale ndi ulusi, mamita 17, ndidula 19. Bowo latsopano lidzakhala pansi pa zenera, ndipo ndiyenera kuona kaye komwe paipi ya madzi yadutsa m'khoma limenelo.

Pakatoni ndalembaponso china choti ndisadzadzidzimuke nacho. Kawiri pachaka, cha m'ma March ndi cha m'ma September, dzuwa limadutsa kumbuyo kwenikweni kwa setilaiti, phokoso lake n'kuphimba siginolo kwa mphindi zochepa, nthawi yofanana kwa masiku angapo. Zikadzachitika, sipanala ikhale m'bokosi. Nthambi imodzi ya mtengo uja yayamba kuloza chakuno, ndiiyang'ananso mvula ikatha. Chofinyira makonekita ndauza mwini wake kuti ndibweza Lamlungu likubwerali, ndikamaliza chingwe chachiwiri.